Tsiku Limene Boma Linatsala ndi Kabudula

Musaliyang'ane choncho bedi langali, achimwene, silikugulitsidwa. Ndaligula m'mawa womwe uno, ndipo ndi bedi loyamba kuligula chibwerere ku Mangochi kuno, ine munthu woti imvi zafika kale m'ndevu. Akabaza onse alikana, wa minibasi wangoliyang'ana kamodzi n'kuponda moto, ndiye poti tonse tikudikira, khalani pomwepo, matabwa ake ndi olimba. Inunso mayi, tsitsani dengulo. Nkhani ya bedi ili ndi yofunika kuimva mutakhala pansi.

Ine ndine Macloud Chadza, kwathu ku Dedza, kumene ukadzuka m'mawa umauona mpweya wako ukutuluka m'kamwa. Kusukulu ndinaphunzira za mbatata ya kachewere. Osati ulimi wachisawawa ayi, kachewere basi: mbewu yake, matenda ake, nkhuli yake ya manyowa. Nditamaliza, boma linandiyang'ana, linayang'ana mapu, n'kunditumiza ku Mangochi, kumene kachewere ukamubzala m'mawa umakamukumba masana atapsa kale, kungotsala kuthira mchere. Ndinamuuza mkazi wanga Agatha kuti asavutike n'kulongedza, alakwitsa, akonza mwezi wamawa. Papita zaka khumi ndi kanthu.

Ndimakhala ku Sitikhalitsa. Pa mapu simulipeza dzina limeneli, koma funsani wakabaza aliyense akulozerani. Ndi kamtunda kopyapyala cha kumene nyanja imayamba kusanduka Shire. Kutsogolo madzi, kumbuyo dambo, ukadutsa dambolo ndiye wafika pa msewu wa tala wolowera m'tauni.

Anthu ake ndi a mitundu iwiri. Alipo eni nthaka, Asilamu, asodzi ndi amalonda, amene makolo awo anagona pomwepo. Iwowa amamanga nyumba kutsogolo n'kukhalamo, kuseri n'kumanga mdadada wa zipinda za lendi. M'zipindamo ndiye muli ife otumidwa ndi boma: aphunzitsi, apolisi, anesi, asilikali, alangizi, makalaliki, aliyense ndi kwawo. Mukamva Chitumbuka pa chitseko choyamba, Chisena pa chachiwiri, Chilomwe pa chachitatu, dziwani kuti mwafika. Ndipo tonsefe tili ndi mawu amodzi, omwe anapatsa malowo dzina. Mukamufunsa munthu kuti bwanji osabzala kamtengo ka mango pakhomopa, amangoti, "Aa, ife sitikhalitsa."

Mnzanga Sajeni Sunganani, wapolisi wa ku Ntchisi, anabwera ali mnyamata wopanda ndevu. Lero ali ndi mdzukulu, koma mbale zake zikadali m'katoni. Amatulutsa imodzi, kudyerapo, kuitsuka, n'kuibwezera momwemo. Bedi ndiye osanena n'komwe. Kugula bedi ku Sitikhalitsa kunali kulengeza pagulu kuti wagonja, boma lakuiwala ndipo iwe wavomera. Tonse tinkagona pa mkeka, mutu titaloza kwathu.

Inu, tamverani zimene khalidwe limeneli linatichita. Chaka china kunabwera anthu a kalembera. Akagogoda pa chitseko cha mphunzitsi n'kufunsa ngati amakhala pano, iye ankati ayi, ndangobwera ndi ntchito, kandilembeni ku Rumphi. Wapolisi, kandilembeni ku Ntchisi. Mwana wobadwira kuseri kwa mzikiti, woti tchire la tiyi sanalionepo, naye ankati kwathu ndi ku Thyolo. Eni nthaka nawonso, amuna theka anali pa nyanja, theka lina ku Joni. Anthu aja anabwerera atapeza kuti ku Sitikhalitsa kumakhala nkhalamba zingapo, ana ambirimbiri osadziwika kochokera, ndi mbuzi. Tsono titapempha kamlatho pa dambo paja, yankho linabwera loti malo a anthu ochepa chonchi safunika mlatho. Amene anasaina yankholo ndi mnzathu yemwe, amakhala chitseko chachitatu kuchokera pa changa.

Kenako nyanja inakwera. Mukukumbukira chaka chija madzi analowa m'makhonde a anthu kuyambira kuno mpaka ku Monkey Bay. Dambo lathu linadzaza osaphwanso mpaka lero, njira yonse n'kumira, madzi kulekeza m'chiuno kwa ine, m'khwapa kwa anthu aafupi. Eni nthaka sanadandaule, anangotulutsa mabwato. Landilodi wanga, Che Amidu, mkulu wamfupi wa ndevu zoyera amene sanathamangepo chibadwire, anatiuza kuti azitiwolotsa m'mawa uliwonse. Ife tinachita msonkhano pansi pa mtengo wa mbawa n'kugwirizana kuti ayi. Kukwera bwato ndiko kukhazikika. Lero bwato, mawa waphunzira Chiyao, mkuja wakwatira. Chifukwa china, chimene palibe anachitchula, chinali chakuti tonsefe kusambira sitikudziwa, ndipo bwato la mtengo umodzi lija limagwedera ngakhale ukangoliyang'ana.

Choncho tinkawoloka ndi miyendo. Koma munthu sungawoloke dambo utavala suti. Apa ndipo anatipulumutsa Mayi Mwanamvua, amene ali ndi golosale pa tala pomwe, mayi wamtali wosaseka chisawawa. Anatipatsa chipinda cha kuseri kwa golosaleyo, n'kukhoma misomali khoma lonse, amuna mbali iyi, amayi kuseri kwa katani. Aliyense msomali wake. Panabuka mkangano woti msomali wa mphunzitsi wamkulu usafanane msinkhu ndi wa mesenjala, mpaka anaizula n'kuikhomanso molingana ndi magiredi. Wanga unali pakatikati, ndipo ndinkaunyadira.

Mukanaima pa tala m'mawa, mukanaona mzere wa anthu akuvuuka m'madzi, makabudula ali chonchoncho, mafoni ali pamutu m'majumbo. Ankalowera kuseri kwa golosale ngati ogulitsa nyambo, n'kutulukira kutsogolo ali boma: mataye, mayunifomu, nsapato zowala. Madzulo boma lija linkabwereranso kudzavula, n'kulowa m'madzi kupita kukagona. Kiyi wa chipindacho anali mmodzi, ndipo ankakhala womangidwa pa nsonga ya chitenje cha Mayi Mwanamvua.

Tsono za kunyumba. Agatha ndi mkazi wodekha, koma ali ndi malume. Mkulu ameneyo analengeza pa maliro ena kuti mwamuna wa pafoni salima, ndipo mkamwini amene amaoneka pa Khirisimasi pokha ndi mlendo ngati alendo ena onse. Agatha anandiimbira n'kundiuza bwinobwino, osakweza mawu, kuti mvula yoyamba ikagwa ndisanabwerere ku Dedza, ankhoswe akhala pansi, ndipo ulendo uno iye sadzanditeteza. Anati watopa ndi kuyala malo a anthu awiri n'kugonapo yekha. Ndinachita mantha, sindikubisirani. Agatha ndimamukonda, ndipo ndinamva m'mawu ake kuti sakuopseza.

Mulungu si Jemusi, sabata yomweyo tinamva kuti kukubwera bwana wamkulu wochokera ku likulu, Mayi Malita Zimba, amene amagamula za kusamutsa anthu. Ndipo ku Dedza kunali malo amodzi opanda munthu, a mlangizi wa kachewere. Malo anga enieni, inu! Msonkhano unali wa Lachinayi m'mawa, pa khonde la malo ena ogona alendo m'mbali mwa Shire, poti ku ofesi kwathu kumatentha moti alendo amaiwala chimene abwerera.

Ndinakonza dongosolo. Bwana ameneyo ankayenera kuona ndi maso ake kuti munthu uyu dziko lino lamukana. Ndinasita suti yanga yaubweya ya pa ukwati, ndi juzi yoti ndivale m'kati, kuti thukuta lizichita kuyenderera. Ndinayeserera kukomoka pa mkeka, Sajeni Sunganani akundiwongolera, poti iye waona anthu ambiri akukomoka zabodza ndipo amadziwa pamene amalakwitsa. Anati ndisagwe chafufumimba, ndigwe chagada, maso atatembenuka pang'ono. Ndipo pofuna kumutsimikizira Agatha kuti zatheka, ndinalongedza zovala zanga zonse m'sutikesi n'kuikweza basi, itsogole ku Dedza. Ndinatsala ndi suti pa msomali, kabudula ndi vesiti pathupi. Sajeni anandifunsa ngati sikukanakhala bwino kusungako thalauza imodzi. Ndinamuyankha kuti munthu wa chikhulupiriro sasunga thalauza.

Lachinayi lija tinawoloka monga mwa masiku onse. Tikufika kuseri kwa golosale, loko ali lende. Tinagogoda. Tinazungulira kutsogolo, nakonso kotseka. Mayi wina wogulitsa mandasi pafupi pomwepo ndiye anatiuza kuti mlongo wawo wa Mayi Mwanamvua wamwalira ku Malindi m'bandakucha. Inu mukudziwa, Asilamu maliro sagoneka, amaika tsiku lomwelo. Mayi aja anangomva uthenga n'kukwera njinga yamoto, chitenje chili m'chiuno, kiyi ali pa nsonga. Kubwera ndiye mpaka atatha sadaka.

Taganizirani. Dzuwa likutuluka, magalimoto akudutsa, ndipo m'mbali mwa msewu mwaima boma lonse la ku Sitikhalitsa lili ndi kabudula, miyendo yotuwa, ndere zili m'mawondo. Mphunzitsi wamkulu anabisala kuseri kwa mulu wa makala chifukwa ana a sukulu ankadutsa n'kumamupatsa moni mwaulemu. Akuluakulu amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, koma sananene kuti akafike nayo ku ofesi.

Ndinamugwira dzanja Sajeni. "Thyolani chitsekochi, ndinu apolisi."

"Wapolisi ali m'katimo, pa msomali," anatero. "Kunja kuno ndine Sunganani chabe. Ndikathyola, ndikangovala yunifomu ndiyenera kudzimanga."

Tinatembenukira kwa kalaliki wa ku khoti, amene ankanjenjemera ndi mphepo atapinda manja. Iye anati chitseko chikhoza kuthyoledwa mwalamulo ngati pali chikalata chodindidwa. Tinati dindani. Anati chidindo chili m'thumba la thalauza, ndipo thalauzayo ili m'katimo. Nkhani inathera pomwepo. Ena anakhala pansi n'kuyamba kugula mandasi.

Ine ndinalibe nthawi ya mandasi. Ndinalowanso m'madzi kubwerera, ndikuthamanga mmene munthu angathamangire madzi ali m'chiuno, namasupuni akundikola m'miyendo. Ndinagogoda zitseko zonse za mdadada wathu, koma zovala za aliyense zinali pa msomali, poti m'zipinda munali chinyezi. Chovala chokha chimene ndinachiona m'mudzi monse chinali pa chingwe pakhomo pa Che Amidu: mkanjo woyera mbee, wochapidwira Lachisanu.

Che Amidu anali pansi akutunga chambo pa luzi. Anamvetsera nkhani yanga yonse osaphethira. Iwo akamalankhula ndi munthu amamulemekeza ngati akunena za wina amene palibe.

"Avale mkanjowo, a Chadza," anatero. "Ndi mzuli womwe, dazi lawolo lingapse."

Ndinati mzuli ayi, ine ndi mkulu wa mpingo. Anati mzuli si chipembedzo, ndi mthunzi. Ndinavala. Kenako ndinati ndiupinda mkanjowo mpaka m'khwapa kuti ndiwoloke nawo dambo. Apa ndiye anaimika singano.

"Mkanjo wanga sulowa m'matope. Mawa ndikaswalira nawo. Akwere bwato. Chambochi ndikupititsa komweko kuli msonkhano wawoko."

Inu, zaka khumi ndi kanthu ndikulikana bwato. Ndinaliyang'ana, lili phee pa bango, kukamwa kwake kopapatiza ngati kwa thumba la ndalama za amayi. Ndinaganiza za pangano lathu la pansi pa mbawa. Ndinaganiza za Agatha. Walira mvula walira matope, ndinakwera. Miyendo inalowa mopingasa, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo Che Amidu anandipatsa luzi la chambo kuti ndiligwire dzanja litatambasuka, lisakhudze nsalu.

Poyamba zinkayenda bwino, ndikunena kuti sindinafe. Koma titafika pakati, tinapeza boti la asodzi ena ukonde wawo utakodwa pa chitsa, akukuwa kuitana Che Amidu. Mkulu uja anayandikiza bwato, n'kuimirira, n'kungodumphira m'boti muja ngati akuchoka pa khonde kulowa m'nyumba. Nkhafi, chopalasira chija, anandisiyira m'dzanja.

"Asapalase," anatero akutembenuka. "Angoigwira. Madzi akupita komweko."

Ndinakuwa kuti bwererani, koma Shire anali atanditenga kale. Ndiyeno ndinamva kuzizira kumatako. Bwato lija linkalowa madzi pang'onopang'ono, ndipo madziwo ankalunjika pa mkanjo wa Lachisanu. Mantha a kumira anali aakulu, koma mantha a Che Amidu anaposa. Ndinaimirira. Musandifunse kuti ndinaimirira bwanji, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti nditaimirira sindinathenso kukhala, chifukwa ndikangosuntha chala bwato linkapendekeka. Ndinauma choncho ngati mtengo wa magetsi, nkhafi kudzanja lamanja ngati ndodo ya Mose, chambo kumanzere, mkanjo ukuuluzika ndi mphepo.

M'mbali mwa mtsinje anthu anayamba kuima. Amayi ochapa anafunda mipango kumutu. Amuna anakweza manja. "Salaam aleikum, shehe!" Ine m'zaka zonsezi ndinadziletsa dala kuphunzira Chiyao, koma liwu limodzi linandilowa mosafuna, ndipo ndi lomwe linatuluka. "Sikomo, sikomo." Ndinatsinzina n'kuyamba Atate Wathu wa Kumwamba, milomo ikugwedera, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti taonani munthu wa Mulungu, akuyendetsa bwato ndi dua yokha.

Nditatsegula maso ndinaona khonde, matebulo, ndi anzanga a ku ofesi amene amakhala kumtunda kouma, onse ali m'mataye. Madzi anali atakwera mpaka pa masitepe a khondelo. Bwato linayenda lokha, n'kukhota lokha, n'kudzagunda sitepe yoyamba mofatsa, ngati mwana akugogoda kwa aphunzitsi.

Pambuyo pake ndinamva kuti Mayi Zimba anali atatopa kale. Chiyambire m'mawa, aliyense woimirira ankadandaula: kutentha, udzudzu, malungo, mkazi ali ku Mzuzu, mwamuna ali ku Zomba, tisamutseni. Anali atagwira mutu. Ndiye anadzutsa maso n'kuona chinthu choyera chikutuluka m'bango, chitaimirira pa madzi, chitanyamula chambo. Anaimirira n'kufunsa kuti ameneyu ndani, ndipo atauzidwa kuti ndi mlangizi wawo yemwe, anayamba kuomba m'manja. Anzanga aja, poti bwana akuomba, nawonso anaomba.

"Bwana," ndinatero ndikadali chiimire, "ine ndi wa ku Dedza."

"N'zimene zikundisangalatsa," anayankha. "Wa ku Dedza, koma taonani."

"Mkanjowu ndi wobwereka."

Anatembenukira kwa anzanga. "Mwamva? Anthu a kuno afika pomubwereka mkanjo wa Lachisanu. Inu alipo anakubwerekanipo ngakhale mpando?"

Ndinati bwato silanga, anati n'chimodzimodzi. Ndinati kusambira sindidziwa, khonde lonse linaseka, bwana n'kunena kuti anthu aluso amadziwika ndi kudzichepetsa. Chilichonse chimene ndinkanena chinkandikumbira dzenje. Ndinaona Dedza akutalikira, mapiri ake akuchepa, ndipo ndinakumbukira kuti ndatsala ndi chida chimodzi. Kukomoka.

Tsoka sasimba. Nthawi yomwe ndinkatembenuza maso monga anandiphunzitsira Sajeni, Mayi Zimba anawerama kuti aone chambo chija bwino, magalasi awo n'kupulumuka pamphuno, chubwi m'madzi. Ine sindinaone. Ndinali nditayamba kale kugwa chagada, mwaluso, ndipo ndinaiwala chinthu chimodzi chokha, chakuti kumbuyo kwanga kunalibe mkeka.

Madzi a Shire ndi okoma, ndinamwa okwanira. Ndinaphiriphitha, ndinafwanthula matope, ndinagwira chilichonse chimene dzanja linapeza, mpaka mapazi anaponda pansi n'kuzindikira kuti madziwo ndi olekeza m'chifuwa. Ndinavuuka namasupuni ali pamwamba pa mzuli, dzanja lili m'mwamba kupempha thandizo. M'dzanjamo munali magalasi a bwana.

Kenako mayi aja analandira magalasi awo, anawapukuta, anawavala, n'kundiyang'ana ngati aona mwana wawo woyamba. Anati m'zaka zonse za ntchito yawo sanaonepo wantchito wa boma wozika mizu chonchi. Anati kumuchotsa munthu wotereyu pa nyanja kungakhale kulakwira anthu a Mangochi. Pomwepo anagamula kuti ndikhale mkulu woyang'anira alimi onse a m'mbali mwa madzi, ndipo ndisasunthidwe mpaka ndidzapume pa ntchito. Malo a kachewere ku Dedza anapatsa Nasir, mnyamata wa ku Malindi amene sanapemphe kanthu, anangobwera kudzayala mipando. Mwana ameneyo juzi sanavalepo chibadwire, ndipo kachewere amamudziwa ali tchipisi. Wanyamuka dzulo atafunda bulangete la mayi ake.

Ndinabwerera kunyumba pa bwato lomwelo, Che Amidu, amene asodzi aja anadzawatula pa khondepo, akupalasa, ine nditakhala m'madzi osasamalanso. Mkanjo unali wofiirira ngati tiyi. Iwo anangouyang'ana n'kunena kuti ndiusunge, wandizolowera. Mtima unali utandithera, chifukwa ndinadziwa kuti ukwati wanga ndausiya pansi pa Shire.

Foni inalira tsiku lonse, ine osayankha. Ndikanati chiyani? Chimene sindinadziwe n'chakuti wina pa khonde paja anajambula zonse, ndipo kanemayo anafika ku Dedza ine ndisanaume. Malume aja anamuonera kangapo, n'kuitanitsa banja lonse, n'kufotokoza kuti nkhani yaonekera poyera: mkamwini walowa Chisilamu, wasanduka shehe, ndipo shehe sakhala ndi mkazi mmodzi.

Loweruka masana ndinamva phokoso ku dambo. Nditasuzumira ndinaona bwato la Che Amidu likubwera, m'katimo muli Agatha, atakhala tsonga, sutikesi yanga ili pamiyendo. Ine zaka khumi ndi kanthu kuliopa bwato, iye anangofika n'kukwera osafunsa n'komwe ngati limamira. Anatsika, anadutsa anthu onse osapereka moni, anaponya sutikesi pakhomo panga n'kulowa.

"Ali kuti?"

"Ndani?"

"Musandiyese mwana, bambo a Melissa. Mkazi wanuyo ali kuti?"

Anayamba kufufuza. Koma inu, mufufuza pati m'chipinda ngati changa? Anafuna kusuzumira kunsi kwa bedi, bedi palibe. Anafuna kutsegula kabati, kabati palibe. Anayang'ana kuseri kwa chitseko, anapeza mkanjo uli pa msomali. Anatsegula katoni ya pakona, n'kupeza mbale imodzi, kapu imodzi, supuni imodzi, ndi chithunzi chathu cha pa ukwati chokulungidwa m'nyuzipepala yomwe anachikulungira yekha tsiku limene ndinkanyamuka. Anaima pakati pa chipinda nthawi yaitali. Kenako anakhala pa mkeka paja, n'kuusisita ndi dzanja pamene panaperepeseka ndi nthiti zanga.

"Zaka zonsezi mumagona apa?"

Ndinati eya.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndimati sindikhalitsa."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangogwetsa misozi mwakachetechete, ine n'kukhala pambali pake, nanenso yanga n'kuyamba, anthu awiri akuluakulu pa mkeka wa munthu mmodzi. Ndinamufotokozera zonse, za loko, za chidindo, za magalasi, ndipo pofika pa namasupuni anali akuseka misozi ili m'masaya. Ndinamuuzanso chovutacho, kuti ku Dedza sindibwerako mpaka ndidzapume. Kenako anati msana wake si wa pa mkeka, Lolemba ndikagule bedi, ndipo lisakhale la munthu mmodzi. Za malume anati awasiyire iye.

Madzulo ake tinatuluka kukakhala pakhonde. Mdadada wonse unali panja, aliyense akunamizira kutsuka mbale yake imodzi ija. Mayi Mwanamvua anali atangobwera kumene kuchokera ku Malindi, akulandira mapepeso pakhomo pa Che Amidu, kiyi akadali pa nsonga ya chitenje. Che Amidu anamupatsa moni Agatha mwaulemu wonse, anafunsa za ulendo, za kumudzi, za mvula, kenako n'kufunsa ngati amayi abwera kudzakhala.

Agatha anakonza mpango wake. "Ayi bambo, ndangobwera kudzaona zinthu. Sindikhalitsa."

Inu, mbale zonse zinasiya kulira. Sajeni Sunganani anavula chipewa chimene sanavale. Nesi wa chitseko chachiwiri anayimba nthungululu. Agatha anandiyang'ana kufunsa kuti walakwitsa chiyani, ine n'kungoyang'ana kumbali. Mayi Mwanamvua anangoimirira n'kufunsa Che Amidu ngati ali ndi hamala, ndipo m'mawa mwake tikukavala za kutchalitchi tinapeza kuseri kwa katani kuli msomali watsopano.

Ndi imeneyo ngolo ikubwerayo, mwina ameneyu avomera. Tagwirani mwendo uwo, achimwene, tikweze. Likafika pa dambo musade nkhawa, ndiliwolotsa ndekha pa bwato.